Nkhoswe ya Wophunzira Kuchilendo: Mbiri ya Mayeso ndi Masatifiketi m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pamudzi munthu safuna pepala kuti adziwike. Nyakwawa imamudziwa, atsibweni ake alipo, ndipo aliyense angathe kunena ngati munthuyo ndi wakhama kapena waulesi, woona mtima kapena wachinyengo. Akafuna kulowa m'banja, ankhoswe amamuyankhulira ndi kumuikira umboni. Koma munthu yemweyo akachoka kwawo n'kukafika kumene kulibe womudziwa, pamafunika china choti chimuyankhulire. Pa nkhani ya maphunziro, nkhoswe yotere ndi satifiketi. Monga mawu a nkhoswe amalemera malinga ndi mbiri ya nkhosweyo, satifiketinso imalemera malinga ndi chikhulupiriro chimene anthu akutali ali nacho pa bungwe limene laipereka. Mbiri ya maphunziro m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira m'chaka cha 1889, ikuonetsa momwe ana a m'mapiri amenewa adapezera mapepala odziwika kunja kwa dziko lino, phindu limene mapepalawo adabweretsa, ndiponso zovuta zimene zidabwera nawo limodzi.

Sukulu zoyamba za m'mapiri

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dera lalikulu la Dowa linkalamulidwa ndi Angoni a mfumu Chiwere. Achewa ambiri ankakhala m'malinga, ndipo ena ankabisala m'mapiri, monga m'nkhalango yowirira ya phiri la Ntchisi, pothawa nkhondo. M'nyengo yoteroyo, pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, adakhazikitsa mishoni pa Mvera atalandira chilolezo kwa Chiwere. M'chaka cha 1894 mmishoni wina, Robert Blake, adatsekula mishoni ya Kongwe m'dera la mfumu Msakambewa. Patapita nthawi mpingo womwewo udafika pa Chinthembwe m'boma la Ntchisi, pamene a Anglican, pokwera kuchokera kunyanja, adakhazikika pa Kayoyo. Paliponse pamene pankamangidwa tchalitchi pankayambanso sukulu, ndipo kawirikawiri nyumba yake idali imodzi yomweyo.

Cholinga cha sukulu zoyambazi chidali chakuti munthu adziwe kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu m'chinenero chake. Ana ndi akulu omwe ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu a chiyambi ndi katekisimu m'Chinyanja. Pamishoni penipeni ankaphunzitsanso ukalipentala, kuumba njerwa, kusoka ndi ulimi. M'chaka cha 1902 pa Mvera padatsekulidwa sukulu yosula aphunzitsi, imene pambuyo pake idasamukira ku Nkhoma pamodzi ndi likulu la mishoni. Ntchito imeneyi siidali yochepa. Idadzaza midzi ndi anthu odziwa kuwerenga, amene adalandira ndi manja awiri Buku Lopatulika litasindikizidwa m'chaka cha 1922, pa ntchito yomasulira imene adaitsogolera mbusa William Murray.

Komabe mapepala amene ophunzira ankalandira adali ndi malire. Mishoni iliyonse inkadzikonzera yokha zophunzitsa, kudziyesera yokha ophunzira ake ndi kudzilembera yokha masatifiketi. Pepala la pa Mvera linkalemekezedwa m'sukulu za mpingo womwewo, koma silinkamveka kwenikweni kwa bwana wa paboma kapena kwa mwini kampani wa ku Blantyre. Kuonjezera apo, amishoni a Dutch Reformed sankaika mtima kwambiri pa Chingerezi, poopa kuti ophunzira awo angakhamukire m'matauni n'kusiya midzi ndi mpingo. Mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zinkaphunzitsa Chingerezi mozama, motero ntchito zaukalaliki, zotanthauzira m'mabwalo a milandu ndi zina zapamwamba zinkagwera kwambiri anthu ochokera kumpoto ndi kummwera. Mwana wa ku Dowa, ngakhale akhale wanzeru chotani, adalibe womuyankhulira kunja kwa mpingo wake.

Izi sizikutanthauza kuti anthu a m'mapiriwa sankayenda. Amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia ndi m'migodi ya ku Johannesburg, ena paokha, ena kudzera m'bungwe la Wenela. Iwo ankanyamula chitupa, koma chitupa chinkangonena dzina la munthu ndi kwawo. Sichinkanena kanthu za nzeru zimene zidali m'mutu mwake. Kusintha kudayamba m'chaka cha 1926 pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro. Pang'onopang'ono sukulu zolandira chithandizo cha boma zidayamba kutsata ndondomeko imodzi, ndipo mayeso a Sitandade 6 ndi a uphunzitsi adakhala a dziko lonse. Kuyambira pamenepo pepala la mwana wa ku Kongwe lidafanana mphamvu ndi la mwana wa ku Zomba. Koma pepalalo likadutsa malire a Nyasaland silinkafika patali.

Kuvuta kwa nkhani ya mapepala kukuoneka bwino pa zimene zidachitikira Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu, boma lochita malire ndi Dowa ndi Ntchisi. Iye adaphunzira ku America, ndipo m'chaka cha 1937 adalandira digiri yaudokotala pa koleji ya Meharry mumzinda wa Nashville. Ngakhale adali dokotala weniweni, pepala la ku America lokha silidali lokwanira kuti achize anthu m'maiko olamulidwa ndi Britain. Adayenera kupita ku Edinburgh kukakhalanso pansi n'kuwerenga, kufikira atakhoza mayeso a kumeneko m'chaka cha 1941. Nzeru adali nazo kale. Chimene adapita kukafuna ndi dzina la bungwe lomuikira umboni. Nkhani imeneyi ikuphunzitsa kuti maphunziro abwino paokha sakwana ngati amene ali ndi mphamvu yolemba ntchito kapena yolandira ophunzira sakuwavomereza.

Mayeso a Cambridge afika pa Kongwe

Kwa ana a ku Nyasaland, nkhoswe yodziwika kutali idali mayeso a Cambridge School Certificate. Bungwe lokonza mayesowa lidakhazikitsidwa ndi yunivesite ya Cambridge ku England m'chaka cha 1858, ndipo m'zaka za m'ma 1860 lidayamba kuyesa ophunzira a maiko akutali, kuyambira pa chilumba cha Trinidad. Ku England kwenikweniko mayeso a School Certificate adalowedwa m'malo ndi a GCE m'chaka cha 1951, koma m'maiko olamulidwa ndi Britain adapitirira kwa zaka zambiri. Mafunso ankakonzedwa ku England n'kutumizidwa atamatidwa bwino. Ophunzira ankalemba chakumapeto kwa chaka, mayankho awo n'kutumizidwanso kutsidya la nyanja kuti akachongedwe, ndipo zotsatira zinkabwera patapita miyezi. Kuti munthu alandire satifiketi ankayenera kukhoza maphunziro angapo pa ulendo umodzi, limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Okhoza ankagawidwa m'magulu atatu malinga ndi kakhozedwe kawo.

Mayeso otere ankafuna sukulu za sekondale, ndipo zimenezi zidachedwa kwambiri m'dziko muno. Sekondale ya Blantyre idatsekulidwa m'chaka cha 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya Dedza mu 1951. Choncho padapita zaka zoposa 50 chikhazikitsireni mishoni ya Mvera dziko lisadakhale ndi sekondale yokonzekeretsa ana mayeso amenewa. Ndipo zitatsekulidwa, mwana wa ku Dowa kapena ku Ntchisi ankalimbirana malo ochepawo ndi ana a dziko lonse, kutali ndi kwawo. Mpingo wa Nkhoma, poona kuti ana a m'chigawo chapakati akutsalira, udasiya maganizo ake akale. M'zaka zomalizira za ulamuliro wa atsamunda pa Kongwe padayamba sekondale ya anyamata, imene idapatsidwa dzina la Robert Blake, woyambitsa mishoni uja. Mmodzi mwa aphunzitsi ake a masiku oyambirira adali John Tembo, amene adatenga digiri yake pa koleji ya Roma ku Basutoland, dziko limene lero limatchedwa Lesotho.

Mmodzi mwa anyamata amene adaphunzira pa Kongwe adali Justin Malewezi, wobadwira ku Ntchisi m'chaka cha 1943. Atamaliza sekondale adapeza mwayi wokaphunzira ku America, ndipo m'chaka cha 1967 adalandira digiri pa yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York. Akuluakulu a yunivesite yotere sakadatha kudziwa phiri la Kongwe, aphunzitsi ake kapena mudzi wa mnyamatayo. Chimene akadatha kuwerenga n'kumvetsa ndi zotsatira za mayeso odziwika m'maiko ambiri. Malewezi sadakhalitse kunja. Adabwerera kudzaphunzitsa sayansi, adakhala mphunzitsi wamkulu, kenaka mkulu mu unduna wa maphunziro ndi m'maunduna ena, mpaka m'chaka cha 1989 adakhala mlembi wamkulu wa Pulezidenti ndi nduna zake. Kuyambira 1994 mpaka 2004 adali wachiwiri kwa Pulezidenti wa dziko lino, ndipo adamwalira mu 2021. Moyo wake ukuonetsa kuti pepala lodziwika kunja silimangotengera munthu kutali; limathanso kumubwezera kwawo ali ndi luso lotumikira nalo anthu ake.

Phindu la mayeso a Cambridge lidali la mitundu itatu. Loyamba lidali chilungamo cha muyeso. Pa nthawi imene Azungu ambiri ankakayikira nzeru za munthu wakuda, wochonga mayeso wa ku England sankamudziwa wophunzirayo, mpingo wake kapena makolo ake. Mwana wa mlimi wa fodya wa ku Mponela ankayesedwa ndi bungwe limodzi ndi mwana wa ku Kenya, ku Mauritius kapena ku Malaya, ndipo akakhoza bwino padalibe amene akadanena kuti wakonderedwa. Kwa anthu amene ankauzidwa kuti sangathe kudzilamulira, chotsatira chilichonse chabwino chidali yankho losatsutsika.

Phindu lachiwiri lidali njira ya ku yunivesite. Dziko lino lidalibe yunivesite yakeyake mpaka m'chaka cha 1964. Ofuna digiri ankapita ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa, ku Roma, ku Salisbury, ku India, ku Britain kapena ku America, ndipo konseko ankayamba afunsidwa pepala lodziwika. Ena mwa makoleji amenewa nawonso ankabwereka dzina: kwa zaka zingapo ophunzira a ku Makerere ndi a ku Salisbury ankalandira madigiri a yunivesite ya London. Phindu lachitatu lidagwera sukulu zenizenizo. Sukulu yofuna kuti ana ake akhoze sayansi inkayenera kukhala ndi chipinda choyeseramo zinthu, mabuku okwanira ndi aphunzitsi a madigiri, pakuti zotsatira zinkaulula poyera sukulu yofooka. Motero muyeso wakunja unkakakamiza eni sukulu kukweza ntchito yawo. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa pa Chichiri mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 1965, ophunzira ake oyamba adali ana a mayeso omwewa, ndipo mwa iwo mudatuluka aphunzitsi ndi akuluakulu a boma amene adalowa m'malo mwa Azungu.

Koma mlendo, ngakhale adze ndi kalumo kakuthwa, sadziwa zonse za pamudzi. Zambiri mwa zophunzitsidwa zidakonzedwa poganizira mwana wa ku England. Wophunzira ankatha kulondoloza mafumu a ku Britain ndi mitsinje ya ku Ulaya, koma osadziwa bwino za ufumu wa Kalonga kapena chifukwa chimene nthaka ya m'mapiri a kwawo inkakokolokera. Izi zinkachitika pamene mphunzitsi Samuel Nthara adali atalemba kale buku la Mbiri ya Achewa ndi la Msyamboza, mfumu ya pa Chibanzi m'boma la Dowa lomwelo. Lamulo la Chingerezi nalo linkapweteka ambiri: mnyamata wodziwa masamu kwambiri ankabwerera kumudzi chimanjamanja chifukwa cha phunziro limodzi. Malo a sekondale adali ochepa, fizi inkadalira kuti fodya wagulidwa bwanji chaka chimenecho, ndipo atsikana ndi amene adatsalira koposa. Chimodzimodzinso, ndalama zolipirira mayeso zinkatuluka m'dziko losauka kupita ku dziko lolemera.

Mayeso abwera kumudzi

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, padabuka funso lakuti kodi mtundu wodzilamulira ungapitirize kutumiza mayankho a ana ake kutsidya la nyanja kuti akachongedwe? Maiko ena adali atayambapo kale kudziyesera okha. A kumadzulo kwa Africa adakhazikitsa bungwe lawo la mayeso mu 1952, ndipo a kuvuma adatero mu 1967. Kuno Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, ndipo mu 1969 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe loyendetsa mayeso a Malawi Certificate of Education. Mayeso oyamba a mtundu umenewu, amene lero amatchedwa MSCE, adalembedwa m'chaka cha 1972. Tsopano padali mpata woti mbiri ya dziko lino, malo ake, ulimi wake ndi chinenero chake zikhale pakati penipeni pa maphunziro.

Chofunika kuchizindikira ndi chakuti Malawi sadadule chingwe nthawi imodzi. Bungwe latsopanolo linkagwira ntchito limodzi ndi bungwe lina la mayeso la ku Britain lotchedwa Associated Examining Board, kuti anthu akunja akhulupirire kuti satifiketi yatsopanoyo ndi yofanana mphamvu ndi mayeso a O Level. M'chaka cha 1987 mayeso onse a boma adaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi, la MANEB, ndipo mgwirizano ndi a ku Britain aja udatha mu 1989, patapita zaka 17 chilembereni mayeso oyamba. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina la satifiketi silimangika tsiku limodzi, ndipo nkhoswe yatsopano imayamba yayenda ndi yakale kuti anthu aizolowere. Zizindikiro za ubale umenewu zikadalipo. Magiredi a 1 mpaka 9 amene MSCE imagwiritsa ntchito, ndiponso lamulo lakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ndi cholowa chochokera ku mayeso akale aja. Maiko oyandikana nawo adayenda njira yomweyo: Zambia idakhazikitsa bungwe lake la mayeso mu 1983, ndipo Zimbabwe idatero mu 1996.

Ngakhale zidali choncho, mayeso akunja sadatheretu m'dziko muno. M'chaka cha 1981 Dr Banda, amene adalawapo kuwawa kwa pepala losavomerezeka, adatsekula sukulu ya Kamuzu Academy pa Mtunthama m'boma la Kasungu, pamsewu womwe umadzera pa Malomo ku Ntchisi popita ku Nkhotakota. Ana okhoza bwino ankasankhidwa kuchokera m'boma lililonse, Dowa ndi Ntchisi omwe, n'kumaphunzira Chilatini, Chigiriki ndi maphunziro ena mpaka mayeso a ku Britain a A Level. Phindu lake lidali lakuti okhoza ankatha kulowa mwachindunji m'mayunivesite akunja amene amafuna pepala loposa la Fomu 4. Odzudzula ankati ndalama zambiri zinkathera ana ochepa pamene sukulu za m'midzi zidalibe madesiki. Boma litasintha mu 1994, sukuluyi idayamba kudalira kwambiri fizi. Lero maphunziro a mtundu umenewu, monga a IGCSE amene adalembedwa koyamba mu 1988, ndi a International Baccalaureate amene adayambira ku Geneva mu 1968 pofuna kuthandiza ana a makolo osamukasamuka m'maiko, amapezeka kwambiri m'sukulu zolipira, monga ya Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woona, koma mwana wa mlimi wamba saufikira kawirikawiri.

Pamenepa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ikuthandiza kuika zinthu m'malo mwake. Iye adasiya sekondale pa nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi. Powerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono, adapanga makina oyendera mphepo amene ankapereka magetsi panyumba pa makolo ake. Mbiri yake itamveka, anthu akufuna kwabwino adamubwezera kusukulu, ndipo adayamba waphunzira pa sekondale ya Madisi m'boma la Dowa. Pambuyo pake adapita ku African Leadership Academy mumzinda wa Johannesburg, ndipo mu 2014 adalandira digiri pa koleji ya Dartmouth ku America. Nzeru zake zidaoneka asadakhale ndi pepala lililonse, zimene zikutsimikiza kuti satifiketi siilenga nzeru. Komabe ngakhale iye adayenera kubwerera m'kalasi kuti luso lake lizamitsidwe ndi kuikiridwa umboni.

Dipuloma ya pa Dzaleka

M'dziko muno mulibe malo amene kufunika kwa pepala lodziwika kumaonekera poyera koposa pa Dzaleka m'boma la Dowa. Malowa kale adali ndende ya akaidi a ndale, koma m'chaka cha 1994 adasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo. Ambiri mwa okhalapo ndi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Msasawu udakonzedwera anthu oposa 10,000 pang'ono, koma pofika m'zaka za m'ma 2020 chiwerengero chidapitirira 50,000. Munthu wothawa nkhondo sakhala ndi nthawi yolongedza mapepala. Ambiri adatsala m'nyumba zimene zidatenthedwa. Amene adapulumutsa mapepala awo amapeza kuti adalembedwa m'Chifalansa motsata ndondomeko ya maphunziro yosiyana ndi ya kuno. Mwana wobadwira mumsasa sadziwa dziko limene adzakhale akadzakula, kaya ndi lino, kaya ndi la makolo ake, kaya ndi lina lakutali. Kwa mwana wotere, pepala lomveka m'dziko limodzi lokha ndi chuma chosadalirika.

Pozindikira zimenezi, m'chaka cha 2010 ansembe a Chijezuwiti adayambitsa maphunziro apamwamba mumsasamo kudzera pa intaneti. Ophunzira ankakhala m'chipinda cha makompyuta pa Dzaleka, aphunzitsi awo ali m'maiko akutali, ndipo omaliza ankalandira dipuloma ya yunivesite ya Regis ya mumzinda wa Denver ku America. Gulu loyamba lidamaliza mu 2013, ndipo mwayiwu udaperekedwanso kwa Amalawi a m'midzi yozungulira. Pambali pa izi, ana a sekondale ya mumsasamo amalemba mayeso a MSCE monga anzawo onse a m'dziko muno, ndipo kwa zaka zambiri bungwe la ku Canada lotchedwa WUSC lakhala likusankha ena mwa okhoza bwino kuti akaphunzire m'mayunivesite a kumeneko. Motero m'boma limodzi lomweli mwakumana njira ziwiri. Dipuloma yakunja idafika pa Dowa wophunzira osaoloka nyanja, ndipo satifiketi ya ku Malawi idakhala nkhoswe ya mwana wopanda kwawo pamaso pa anthu a kutsidya la nyanja.

Chuma chofunika kuchisamala

Masiku ano Mmalawi wofuna kuti mapepala ake avomerezedwe ku South Africa amawapereka ku bungwe la SAQA, limene limawayerekeza ndi a kumeneko. Maiko a mu Africa adapangana ku Arusha mu 1981, ndiponso ku Addis Ababa mu 2014, zoti azivomerezerana mapepala a maphunziro apamwamba. Koma mapangano onsewa amaimira pa chinthu chimodzi, ndicho chikhulupiriro chakuti giredi yolembedwa papepala ikunena zoona za mwini wake. Chikhulupiriro chimenechi sichichedwa kusweka. Mu Novembala 2020 boma lidathetsa mayeso a MSCE ali m'kati molembedwa chifukwa mafunso adali atabedwa n'kufalitsidwa, ndipo ophunzira adalembanso mu Januwale 2021. Ndalama zambiri zidaonongeka, ana osalakwa adavutika pamodzi ndi olakwa, ndipo dzina la satifiketi, limene lidatenga zaka zambiri kuti limangike, lidadetsedwa. Giredi yopeza mwakuba ili ngati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwini wake amaululika tsiku loyamba la ntchito, ndipo akaululika amachititsa kuti onse a pepala lofanana ndi lake akayikiridwe.

Kuchokera pa pepala la mishoni la pa Mvera, kudzera pa mayeso a Cambridge a pa Kongwe, kufikira pa MSCE ndi dipuloma ya pa Dzaleka, mbiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ikuphunzitsa kuti maphunziro abwino amafuna zinthu ziwiri. Ayenera kuzika mizu m'nthaka ya kwawo kwa wophunzira, monga adachitira aphunzitsi oyamba a m'midzi, ndiponso ayenera kuyesedwa ndi muyeso umene anthu akutali angaukhulupirire. Pamene padali mizu yokha, ana a m'mapiriwa adatsekeredwa kunja kwa ntchito zapamwamba. Pamene padali muyeso wakunja wokha, ochepa adapita patali koma za kwawo zidanyalanyazidwa. Satifiketi ya MSCE idakonzedwa kuti igwirizanitse ziwirizi, ndipo mphamvu yake siili m'manja mwa bungwe la mayeso lokha. Ili m'manja mwa mphunzitsi amene amamaliza silabasi, woyang'anira mayeso amene amakana chiphuphu, ndi wophunzira wa pa Kongwe, pa Madisi, pa Malomo kapena pa Dzaleka amene amalemba zokhazo zimene akudziwa. Wophunzira wotere amadzithandiza yekha, ndipo amasungiranso ang'ono ake nkhoswe imene idzawayankhulire kumene kulibe wowadziwa.